Madzi Atsike Kaye

1. Chikwama sichichepetsedwa

Dzina loti Changu anamupatsa ndi azakhali ake, ndipo sikunali kumuyamikira ayi. Mtsikanayu ankagwira ntchito iliyonse ngati pali womuthamangitsa. Akatsuka mbale, mafuta ankatsala pomwepo. Akasita yunifolomu, ankasita kutsogolo kokha, nkumati kumbuyo kubisika ndi chikwama. Anali ndi zaka khumi, zisanu ndi chimodzi, ndipo pa tchuthi chilichonse ankathandiza azakhali akewo pa ntchito yawo yosamalira mathanki agalasi, aja amasungiramo nsomba zokongoletsa m'nyumba ndi m'maofesi.

Lachisanu lina azakhali ankapita kukachotsedwa ng'ala m'diso lakumanzere. Atangovala nsapato, foni inalira. Anali a ku chipatala cha ana, kumene kunali thanki yaikulu kuposa onse amene iwo ankasamalira. Kona ya felemu yake ya pulasitiki inali itabenthuka, ndipo ankafuna ikonzedwe lero lomwe chifukwa masana kubwera alendo.

Azakhali anayang'ana wotchi, kenako anamuyang'ana Changu ndi diso lawo labwino lija.

"Upita wekha," anatero.

Changu anasangalala kwabasi. Chiyambire anali asanatumidwepo yekha. Anakoka chikwama cha zida nkuyamba kutulutsamo zolemera: paipi, chitsulo chachitali chopanira, timatabwa.

"Ukutani?"

"Poti ndi kakona chabe, azakhali."

"Bwezera zonse. Chikwamachi sichichepetsedwa. Ndipo khala pansi undimve, pakuti foni yanga ikhala yozimitsa mpaka madzulo. Anthu akatiitana amatiuza chimene maso awo aona, satiuza chimene chawonongeka. Ukafika usangothera pamene akulozerapo. Uchotse chivundikiro, uzungulire thanki yonse, felemu uyigwire ndi zala mbali zonse. Pulasitiki yakuda ija anthu amayesa ndi mkanda wongokongoletsa. Si mkanda, ndi lamba. Madzi ali m'katimo amakankha galasi usana ndi usiku, satopa ndipo sapita ku tchuthi. Chimene chimagwira galasi lakutsogolo ndi lakumbuyo kuti asatayane ndi felemuyo, makamaka mtanda wake wapakati. Chachiwiri, guluu wa m'sitolo asakhudze madzi. Silikoni wa kubafa ali ndi mankhwala oletsa chuku, ndipo nsomba zimafa nawo. Wathu ndi uyu wa kachitsekerero koyera. Chomaliza, chipatala chimenechi ndicho chimatidyetsa m'nyumba muno. Tikachitaya, tizingoyang'anana. Ukalankhule mwaulemu. Wamva?"

"Ndamva, azakhali."

"Nthawi zonse umamva. Vuto lako ndi miyendo, imanyamuka makutu asanamalize."

2. Pansi pa chivundikiro

Chipinda chodikirira cha kuchipatalako chinkanunkha mankhwala okolopera. Munali mabenchi anayi, sikelo pakona, ndi zithunzi za mano ndi makutu kukhoma. Thanki ija inali pa miyendo yachitsulo moyandikana ndi zenera, yaitali ngati bedi la munthu wamkulu. M'katimo munkayenda nsomba zofiira, zamizeremizere, ndi ina yakuda yaulesi imene inkangomatirira pagalasi.

Patsinde pa thankiyo panali kabenchi kachikasu ka ana. Ana atatu anagwada pamenepo, mphuno zili pagalasi, ataiwaliratu za jakisoni.

Woyang'anira ofesi anatulukira akupukuta thukuta. Ogwira ntchito pamalopo ankangowatchula kuti a Tayi, chifukwa kutenthe kuzizire tayi yofiira sinkachoka pakhosi pawo.

"Azakhali ako ali kuti?"

"Ali kuchipatala cha maso, bwana. Atuma ine."

A Tayi anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu. "Chabwino, ndi kantchito kochepa. Wina ananyamula mpando nkugunda apa. Alendo afika 3 koloko kudzaona zipinda zathu zatsopano, ndipo chithunzi tijambulira pathanki pomwepa. Umate, upake chakuda, uzipita."

Amayi okolopa anali atasunga kachidutswa kobenthukako mu envulopu. Changu anakakhula ndi sandipepa, anapukuta ndi sipiriti mbali zonse ziwiri, anasakaniza guluu wa m'timachubu tiwiri pa kakatoni, nkukabwezera pamalo pake. Konayo inali yakunja, kutali ndi madzi. Anamanga ndi tepi kuti kasasunthe. Ntchito inaoneka bwino, ndipo iye ananyadira.

Anali atatseka kale zipi ya chikwama pamene anakumbukira kuti chivundikiro sanachikhudze. Anaima kaye, chikwama chili paphewa. Kenako anachitsitsa, anakwera pa kampando, nkukweza chivundikiro chija pamodzi ndi nyale yake.

Mtanda wapakati unali utaduka pawiri. Pulasitiki yake inali itauma nkuyezuka chifukwa cha kutentha kwa nyale, ndipo pakati pa zidutswa ziwirizo panali mpata woti nsonga ya chala chake chaching'ono inalowa.

Anatulutsa tepi yoyezera. Kumapeto kwa thanki, kuchokera pa galasi lakutsogolo kufika lakumbuyo, panali masentimita 60. Mbali inayo, 60. Pakati anapeza 61. Anayezanso kachiwiri, zinali zomwezo. Atatsika anaika tsaya pakona nkuyang'ana motsata galasi. Linali litatulutsa kamimba, moyang'ana kabenchi ka ana kaja.

Mantha anamugwira.

3. Guluu wa mu dilowa

Changu anawapeza a Tayi mu ofesi akuwerenga mawu olandirira alendo. Anamvetsera theka, maso ali papepala.

"Ndiye kuti ndi pansi pa chivundikiro?" anafunsa.

"Inde, bwana."

"Ndani aona pamenepo? Alendo sakwera pampando." Anatsegula dilowa nkutulutsa kachubu ka guluu wamphamvu. "Tenga uyu. Ndinamatira nsapato chaka chatha, mpaka lero ndikuvala."

"Sagwira, bwana. Zidutswazo zatalikirana chifukwa madzi akukankha galasi. Mpaka madzi atsike kaye, afike theka. Ndiike chopanira pamwamba. Mawa tidzaike galasi lopingasa pansi pa mtandawo, ndipo silikoni aume masiku atatu tisanadzazenso."

Apa a Tayi anaika pepala pansi. "Theka? Ndi chitsulo pamwamba? Lero? Mwana iwe, thanki imene ija ndiyo nkhope ya chipatala chino. Mwini wake anaigula asanagule nkomwe galimoto. Komanso ndani akudziwa kuti mtandawo unaduka liti? Mwina ndi mwezi watha, ndipo palibe chachitika. Idikira mpaka Lolemba."

"Mwina idikira, bwana. Mwina ayi. Ine sindingadziwe."

"Eya, sukudziwa. Ndiye mata, Lolemba azakhali ako adzaone." Anamuikira kachubu kaja m'dzanja nkumupinda zala. Mawu awo anatsika. "Ndikuuze mwachikondi. Pali anyamata ena amabwera mwezi ndi mwezi kudzapempha ntchito imeneyi. Ndimawabweza chifukwa azakhali ako sanandivutitsepo."

Changu anatuluka mu ofesimo kachubu kali m'manja.

4. Mawu a amayi okolopa

Amayi okolopa anali atamva zonse, poti chitseko cha ofesi chinali chosatseka ndipo mopu yawo inachedwa dala pakhomopo. Anali munthu wachikulire, wa imvi m'mbali mwa mpango. Anamukokera Changu pakona, pafupi ndi sikelo.

"Mwanawe, ndakolopa muno zaka khumi ndi zinayi. Ndikuuze zimene ndaona. Munali mnyamata wa magetsi, waluso kwambiri, amene anauza abwanawa pamaso pa anthu kuti waya anagula ndi wabodza. Ananena zoona, koma sitinamuonenso. Munali mtsikana wa pakauntala amene ankakonda kufunsa kuti chifukwa chiyani. Nayenso anapita. Ine ndilipo chifukwa ndikauzidwa kuti kolopa apa, ndimakolopa, ngakhale ndakolopapo kale. Iwe ndiwe mwana wa sukulu, mwezi wamawa ubwerera m'kalasi. Amene atsale ndi mavutowa ndi azakhali ako, ndi diso lawo limodzi. Munthu wamkulu akakuuza chochita, mlandu umakhala wake, si wako. Mata, ubwerere kwanu ndi mtendere. Sindikukuphunzitsa zoipa ayi, ndikungokuuza mmene anthu timasungira ntchito."

Ananena mokoma mtima, ndipo Changu anadziwa kuti sakunama.

Anakhala pa benchi nkuyang'ana thanki ija. Ana atatu aja anali ataitanidwa kwa adokotala. Pa kabenchi kachikasu tsopano panali kamtsikana ka bandeji kukhutu, ndipo amayi ake anali atagoneka khanda pambali pake kuti amange bwino nsalu. Kamtsikanako kankamenya galasi ndi chikhato pofuna kudzutsa nsomba yakuda ija.

"Amayi," anatero Changu kwa amayi okolopa aja, "m'thankimu muli madzi okwana migolo itatu. Galasi likasweka, mlandu ukhaladi wa abwana. Koma pansipo pakhala pali ndani?"

Amayi okolopa anatembenuka nkuyang'ana khanda lija.

Changu anatulutsa buku la ntchito m'chikwama. Azakhali ake anali ndi lamulo loti ntchito iliyonse ilembedwe, ndipo mwini malo asayine pansi. Analemba mosathamanga, zilembo zooneka bwino, kenako anabwerera ku ofesi nkugogoda.

"Bwana, pepani ndabweranso. Guluu wanu nayu, sindinamutsegule. Ine kumata sindimata. Mukandilola, nditsitsa madzi. Mukandiletsa, ndinu eni ake, ndinyamula chikwama ndizipita. Koma ndalemba apa kuti mtanda waduka, galasi lapindika, ndipo mwati madzi asatsitsidwe. Mungosayina pansipa kuti azakhali akaone."

Anawaikira bukulo patebulo.

A Tayi anawerenga. Anatenga cholembera, anachiyang'ana, nkuchibwezeranso m'thumba la malaya.

"Wakuphunzitsa zimenezi ndani?"

"Ndi mmene timagwirira ntchito, bwana."

"Chita zimene ukufunazo," anatero mozizira. "Koma udziwe kuti mwini chipatala amva zonse, ndipo amva kwa ine."

5. Mpata utsekeka

Choyamba Changu anapempha amayi a khanda aja kuti asunthire pa benchi ina, nkukokera kabenchi kachikasu kutali. Anazimitsa nyale ndi pampu. Anamanga kansalu kukamwa kwa paipi kuti tinsomba ting'onoting'ono tisalowemo, anaviika mbali imeneyo m'thanki, ina nkuiyamwa mpaka madzi anayamba kutsikira mu ndowa.

Ndowa yoyamba itadzaza, anapeza amayi okolopa ataima pambali pake ndi ndowa yawo.

"Sindinati ndagwirizana nawe," anatero. "Kungoti ukataya madzi pansi, wokolopa ndi ine."

"Tisawataye, amayi. Nsomba zinawazolowera, tidzawabwezera momwemo. Kodi mulibe migolo yoyera?"

Kuseri kunali migolo iwiri ya pulasitiki yosungira madzi mipopi ikauma. Anayamba kutuntha mosinthana. Ana amene anali m'chipindamo anaima patali nkumaonerera. Mmodzi anafunsa ngati nsomba zikudwala.

"Ayi," anayankha Changu. "Nyumba yawo ndiyo yathyoka phewa. Tikuimanga bandeji."

Pa ndowa iliyonse yachisanu ankakwera pa kampando kukaona mtanda uja. Poyamba panalibe kusintha. Madzi atatsika ndithu, chala chake chinakana kulowa pampata paja. Atafika theka, anaitana amayi okolopa.

"Takwerani muone."

Amayiwo anakwera mosamala, atagwira phewa la Changu. Zidutswa ziwiri zija zinali zitakumana zokha, popanda wozikoka. Panangotsala kamzere kopyapyala ngati tsitsi.

"Ndiye kuti madzi okhawa ndiwo amakankha chonchi?" anafunsa motsitsa mawu. Anatsika, anayang'ana malo amene panali kabenchi kaja, nkupukuta manja pa epuloni ngakhale anali ouma.

Changu anayezanso pakati. Tepi inati 60. Anaika timatabwa tiwiri, kena kutsogolo kena kumbuyo, kuti chitsulo chisakhudze galasi, nkupingasa chopanira pamwamba. Anapotokola pang'onopang'ono mpaka chinangogwira, osafinya. Anatsitsa pampu kuti ikhale m'madzi nkuiyatsanso. Kenako anayala katoni pansi pa mtandawo kuti fumbi lisagwere nsomba, anaukhula, anaupukuta, nkulumikiza zidutswazo ndi chigamba cha pulasitiki pamwamba. Ankadziwa kuti chigambacho pachokha sichingalimbane ndi thanki yodzaza. Anayeza malo a galasi lopingasa katatu nkulemba m'buku.

Kunena zoona, thankiyo inanyansa. Pagalasi panatsala mzere wa ndere pamene madzi ankalekezera, zomera zinagwa chammbali, ndipo chitsulo chija chinatulukira mbali zonse ziwiri ngati chogwirira cha njinga.

Alendo anafika nthawi yake. A Tayi anawatsogolera mwachangu, thupi lawo lili pakati pa alendowo ndi thanki, dzanja likuloza zithunzi za makutu kukhoma linalo. Chithunzi anakajambulira panja, pakhomo. Pambuyo pa onse pankabwera mwini chipatala, mayi wamtali wa magalasi. Iye yekha anaima. Anayang'ana madzi, chitsulo, kabenchi kosunthidwa kaja, ndi mtsikana wonyowa siketi amene anaima pambali. Kenako anatsatira alendo ake.

Changu akulongedza zida, a Tayi anabwera.

"Mwini chipatala akufuna azakhali ako mu ofesi mwake mawa 8 koloko m'mawa," anatero. "Ndinakuuza ine."

6. Mzere pa galasi

Ulendo wobwerera unatalika. Chikwama chinali chitapepuka poti chopanira chinatsala, koma Changu ankayenda ngati wasenza thumba la simenti. Aka kanali koyamba kutumidwa yekha, ndipo ankabwerera ndi uthenga woti mwina ntchito yatha.

Anapeza azakhali atakhala pa mpando pafupi ndi zenera, makatani atatseka, diso lili ndi bandeji yoyera.

"Wachedwa. Kakona kamodzi tsiku lonse?"

Changu anagwada pambali pa mpandowo nkufotokoza zonse, osadumpha kanthu: mtanda, guluu wa a Tayi, buku, migolo, ndi mayi wa magalasi uja. Atafika pa za 8 koloko, misozi inalengeza.

Azakhali anayamba kumufunsa.

"Madzi unatsitsa mpaka pati?"

"Theka."

"Chopanira unafinya?"

"Ayi, chinangogwira. Ndinaika timatabwa."

"Pampu?"

"Ili m'madzi, ikugwira ntchito."

"Abwanawo unawakwezera mawu?"

"Ayi, azakhali. Koma akwiya. Mwina ntchito ija atilanda, ndipo ndi chifukwa cha ine."

"Mwina atilandadi," anatero azakhali. Sanamunamize. "Ndipo zikatero tivutika, usaganize kuti ndi zochepa. Koma tamvera. Ntchito ikatha timayenda khomo ndi khomo mpaka tipeze ina. Ndinayendapo kale, miyendo ndikadali nayo. Galasi likanagwera mwana wa munthu, palibe khomo limene tikanagogodanso, ndipo iwe ukanakula nacho chinthu chimenecho mpaka imvi. Pukuta m'maso, mwana wa achimwene anga. Lero wagwira ntchito."

Changu anapukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja.

"Tsopano dzuka. Kuseri kwa kabati kuli galasi lochindikala. Uliike patebulo, uyale bulangete pansi. Chodulira chili m'kabokosi kanga."

"Chodulira chanu? Paja munati ndisadzachikhudze."

"Ine lero mzere sindikuuona. Ntchito tikhale nayo kapena atilande, thanki ija sitiisiya ndi chitsulo pamwamba. Udula iwe, ine ndizimvera kulira kwake."

Changu anayala bulangete, anagoneka galasi, anatsegula buku pa miyeso ija nkuika rula.

"Azakhali, nanga mawa mukawauza chiyani?"

"Ine? Ine sindinaone kanthu, ndinali pa bedi la opaleshoni. Ndikakhala pambali pako ndi bandeji yangayi. Wolankhula ukakhala iwe."

Changu anapanikiza rula ndi dzanja limodzi. Kenako anatsamiza chodulira pa rula nkuyamba kukoka mzere.